Ndinayerekeza mtengo wa ku Johannesburg ndi wa ku England, ndinalipira kawiri

Nyumba yomwe tinagula kuno ku England ili mumsewu wopanikizika. Magalimoto amaima mbali zonse ziwiri, moti ukaweruka usiku umayamba wazungulirazungulira kufuna malo, mwina n'kukaisiya galimoto msewu wachitatu, ana atagona kumpando wakumbuyo, mvula ikuwaza. Kutsogolo kwa nyumbayi kunali kabwalo ka kapinga ndi timaluwa tomwe anasiya eni ake akale, masikweya mita pafupifupi 40. Ine ndi mayi a ana tinagwirizana kuti tichotse kapingayo, tiyale mabuloko, galimoto izigona pakhomo. Ntchito imeneyi ndinailipira kawiri, ndipo chomwe chinandigwetsa m'mbuna ndi nambala imodzi yomwe ndinabwera nayo kuchokera kudziko lina.

Chaka chimodzi izi zisanachitike ndinapita ku Johannesburg kukacheza kwa alamu anga. Ndinawapeza akuyalitsa bwalo lonse, kuyambira pageti mpaka pakhomo la galaji. Anyamata asanu anali pa ntchito ndi mapiki, mafosholo ndi mawilibala. Kunalibe makina okumbira. Dothi lofiira ankalikweza pa bakkie, kagalimoto kapikapu, mchenga wa kumtsinje uli mulu pambali, mabuloko a simenti okolanakolana aja, a mamilimita 60, atasanjidwa m'mbali mwa mpanda. Awiri mwa anyamatawo ankalankhula chinenero chathu, ndiye masana ndinkakhala nawo pamthunzi n'kumacheza. Pasanathe sabata bwalo linali litatha, losalala ngati tebulo. Ndinafunsa kuti, "Alamu, zonsezi mwawononga zingati?" Ananditchulira mu marandi. Ndinatulutsa foni, n'kugawa ndi masikweya mita, n'kusintha kupita ku mapaundi. Nambala yomwe inatuluka inali yaing'ono kwambiri, ndipo inakhazikika m'mutu mwanga ngati mtengo woona wa ntchito yoyala mabuloko padziko lonse.

Nditabwerera ndinaitana makampani atatu kuti adzaone malo. Aliyense anayeza, anasuzumira mu manhole, dzenje lovundikira loonera mapaipi a madzi oipa, mmodzi anakumba pang'ono ndi fosholo kuti aone dothi. Makotesheni atabwera, wotsika kwambiri unaposa nambala yanga ija kangapo konse pa sikweya mita. Mtima unandiwawa. Ndinkaona ngati andiona chilendo ndipo akufuna kundidyera masuku pamutu. Mayi a ana anati, "Bambo, anthu atatu osadziwana sangapangane bodza limodzi. Bwanji muwafunse chomwe chikudulitsa?" Sindinawamvere.

Patapita milungu ingapo kunagogoda bambo wina wovala chovala chowala cha anthu a mumsewu, galimoto yake yoyera yopanda dzina ili panja. Anati akumaliza ntchito msewu wa kuseri, zipangizo zatsala, anyamata ali kale pafupi, ndipo angathe kuyamba mawa lomwelo ngati ndilipira ndalama pamanja. Mtengo wake unali theka la kotesheni yotsikitsitsa ija. Kwa ine uwu unali umboni woti ena aja ankandibera. Tinagwirana chanza. Panalibe pepala lililonse.

Anamaliza m'masiku awiri. Tsiku loyamba ndinali ku ntchito, pobwera madzulo ndinapeza mchenga atayala kale, ndiye sindinaone zomwe zinali pansi pake. Tsiku lachiwiri anayala mabuloko, anasesapo mchenga, ndinawerenga ndalama, anapita. Kunena zoona, pankaoneka bwino. Ndinajambula zithunzi n'kutumizira alamu.

Inali October. Pofika February panali mizere iwiri yolowa pansi ndendende momwe matayala amadutsa. Mabuloko a m'mphepete anayamba kutayana, ena akugwedera ukapondapo, madzi akuda akutumphuka m'mipata. Choopsa kwambiri chinali kukhoma. Bwalo lonse analipendeketsera kunyumba, ndiye mvula ikagwa chithaphwi chinkaima pakhomo penipeni, mpaka kukhudza njerwa za timabowo zomwe zimalowetsa mpweya pansi pa nyumba. M'chipinda chochezera munayamba kumveka fungo la chinyontho. Loweruka lina m'mawa ndinatenga sikuludiraiva, n'kugwada pamzere umodzi, n'kuzula buloko limodzi. Pansi pake panali mchenga wa zala ziwiri zokha. Nditaupalasa ndinapeza dothi lakuda la m'dimba lomwe lija, mizu ya kapinga ikadali momwemo, nyongolotsi ikuyenda. Panalibe mwala ngakhale umodzi. Anangosenga kapinga pamwamba n'kuthira mchenga. Nambala ya foni yomwe anandipatsa sinkagwiranso.

Mwezi womwewo kunabwera kalata ya khonsolo. Pakati pa bwalo langa ndi msewu pali njira ya oyenda pansi, ndipo ndinkaikwera ndi galimoto tsiku lililonse, nditaika matabwa awiri kuti matayala asagunde mwala wa m'mphepete mwa msewu. Sindinkadziwa kuti njira imeneyo si yanga ndipo siloledwa kukweredwa chisawawa. Lamulo la misewu la 1980, Highways Act, gawo 184, limapatsa khonsolo mphamvu pa malo owolokera otere. Umayenera kupempha chomwe amati dropped kerb: amatsitsa miyala ya m'mphepete n'kulimbitsa njirayo, chifukwa pansi pake pamadutsa mapaipi a madzi, a gasi ndi mawaya. Umalipira pempho, umalipiranso ntchito, ndipo amaigwira ndi khonsolo kapena makontrakitala omwe iyo yavomereza. Khonsolo ikhozanso kukana, mwachitsanzo ngati bwalo ndi lalifupi moti galimoto ingatulukire kunjira, kapena ngati pali mtengo kapena mphambano pafupi. Ndiye munthu akhoza kuyala bwalo lokongola koma osaloledwa kulowetsamo galimoto. Nditabwerezanso kuwerenga makotesheni atatu aja, ndinapeza kuti awiri anali atalemba za nkhaniyi momveka bwino. Ine ndinangothamangira nambala ya pansi.

Ndinadziwanso mochedwa kuti ntchito yogwirizana pakhomo pako ndi munthu wongokugogodera, malamulo a ogula a 2013 amakupatsa masiku 14 oti usinthe maganizo, ndipo wogulitsayo amayenera kukuuza zimenezi polemba. Wokuuza kuti "tiyamba mawa, ndalama pamanja" amakhala akuthawa masiku amenewo.

Ndalama zokonzera nthawi yomweyo panalibe. Tinakumba kangalande kakang'ono m'mbali mwa khoma kuti madzi azithawa, galimoto inabwerera mumsewu, ndipo tinayambanso kusunga. M'miyezi yodikira imeneyi ndinayenda maulendo angapo, ena a ukwati, ena ongocheza. Sanali maulendo okaona mabwalo, koma munthu ukataya ndalama pansi, kulikonse komwe wapita maso amakhala pansi pomwepo.

Ku Germany ndi komwe ndinaphunzira zambiri. Mnzanga wa kusukulu amakhala m'katauni kena kufupi ndi Stuttgart, ndipo ndinafika mu May, oyandikana naye akukonzetsa polowera galimoto. Ndinaima pampanda pafupifupi ola lathunthu. Dzenje lomwe anakumba linkafika m'mawondo. Mmisiri wamkulu ataona kuti ndachita chidwi, anatambasula rula yake yamatabwa yopindapinda ija, n'kuiimika m'dzenjemo kuti ndione: pafupifupi theka la mita. Kudzera mwa mnzangayo anandifotokozera zomwe zidzalowe mmenemo. Pansi penipeni miyala yophwanya yoteteza ku chisanu, pamwamba pake miyala ina yonyamula kulemera, kenako timiyala ting'onoting'ono toyalapo, pomaliza mabuloko a masentimita 8. Gawo lililonse lotsenderedwa palokha ndi makina. Chifukwa chake n'chakuti madzi akaundana amatupa ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Ngati pansi pa mabuloko pali dothi losunga madzi, nthawi yozizira limafufuma n'kukankhira zonse m'mwamba, kukafunda limafewa n'kukhala phala, galimoto ikapondapo limalowa. Miyala yophwanya sisunga madzi, ndiye chisanu chimasowa chogwira. Ku Johannesburg m'mawa wa June kumachita chisanu pa udzu, koma nthaka siuma mpaka pansi. Alamu anga sanalipire theka la mita la miyala chifukwa nthaka yawo sinkafuna zimenezo. Apa m'pamene ndinayamba kuona kuti ndinkayerekeza zinthu ziwiri zosiyana zomwe zimangofanana pamwamba.

Madzulo a tsiku lomwelo mnzangayo anatulutsa pepala lina lomwe linandidabwitsa kuposa dzenje lija. Chinali chithunzi cha nyumba yake chojambulidwa kuchokera m'mwamba, denga atalipaka mtundu wake, bwalo loyala mtundu wake, kapinga wosapaka. M'matauni ambiri a ku Germany munthu amalipira chaka ndi chaka madzi a mvula omwe amachoka pamalo pake kupita m'ngalande za tauni. Amaitcha Niederschlagswassergebühr, ndipo amawerengera masikweya mita omwe watseka kuti madzi asalowe pansi. Ukayala mabuloko olola madzi kudutsa, kapena aja a mabowo omera udzu omwe amati Rasengittersteine, amakuchotserako. Ndiye kumeneko mtengo wa bwalo suthera tsiku lomwe mmisiri wanyamula zida zake. Anandionetsanso kuti pa invoisi amalekanitsa ndalama ya zipangizo ndi ya manja, chifukwa boma limabweza pamsonkho magawo 20 pa 100 a ndalama ya manja ya amisiri ogwira pakhomo, mpaka mayuro 1,200 pachaka, bola ulipire kudzera kubanki, osati pamanja. Ndinakumbukira ndalama zanga zomwe ndinawerengera munthu pakhomo popanda lisiti.

Nkhani ya madziyi inandichititsa kufufuza za kuno nditabwerera, ndipo ndinapeza kuti ndinaphwanyanso lamulo lina osadziwa. M'chilimwe cha 2007 madzi anasefukira koopsa ku England, ku Hull, ku Sheffield ndi ku Gloucestershire, ndipo mbali yaikulu ya vutolo, makamaka ku Hull, inali mvula yosowa kolowera ngalande zitadzaza. Kuyambira pa 1 October 2008, ukafuna kuyala kutsogolo kwa nyumba malo oposa masikweya mita 5 ndi chinthu chosalola madzi kudutsa, umafunika chilolezo cha mapulani, pokhapokha ngati madziwo ukuwalozetsa pa kapinga, pa maluwa kapena pena pomwe angalowe pansi mkati mwa malo ako. Kuwathamangitsira mumsewu ayi. Poyamba ndinkaliona ngati lamulo longovutitsa anthu. Koma nditaona chithaphwi cha masikweya mita 40 okha chitaima pakhomo panga, ndikaganiza za msewu wonse wa nyumba makumi angapo, iliyonse itachotsa kapinga, ndimalimvetsa ndipo ndimagwirizana nalo.

Pobwerera kuchokera ku Germany ndinagona masiku awiri ku Utrecht, mzinda wa ku Netherlands. Kumeneko ndinapeza kamsewu kena atakazula konse, njerwa zootcha zija amati klinkers atazisanja milu m'mbali. Ndinayesa akutaya. Ayi ndithu, ankakonza mapaipi ndi kuwonjezera mchenga, kenako bambo wina atagwada ndi hamala yake ankabwezeretsa njerwa zomwe zija, imodziimodzi. Nthaka ya madera ambiri a ku Netherlands ndi yofewa ndipo imatsika pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amakonda choyala chomwe ungachizule n'kuchibwezera. Ngakhale mabuloko a simenti omwe afala padziko lonsewa anatchuka kumeneko nkhondo yachiwiri itatha, njerwa zootcha zitachepa chifukwa zinkafunika kumangira nyumba. Lero anthu omwewo ali ndi mpikisano wa matauni wozula mabuloko m'mabwalo n'kubzala zomera, Tegelwippen, womwe unayamba mu 2020 pakati pa Amsterdam ndi Rotterdam. Chomwe ndinatolapo ine ndi chimodzi: mabuloko anga 2,000 sanali zinyalala. Choipa chinali pansi pake.

Za ku Portugal ndingonena mwachidule. Kufupi ndi Porto ndinaona nyumba wamba, za anthu wamba, polowera galimoto atayala timiyala ta granite todula ngati mabokosi, tomwe kuno ku England timaoneka pa nyumba za anthu olemera. Kumpoto kwa Portugal mwala umenewu ndi wa m'mapiri a komweko. Kuno umabwera pa sitima ya pamadzi, monganso miyala ya sandstone yochokera ku Rajasthan ku India yomwe yadzaza m'mabwalo a anthu. Chinthu cholemera mtengo wake umakula ndi mtunda, ndiye chapamwamba kwina n'chachabechabe kwina.

Ku America ndinapita ku ukwati wa mwana wa msuweni wanga, ku Ohio. Kumeneko mabuloko si ambiri. Nyumba zambiri polowera galimoto amathira konkireti, ena phula, ndipo njira zake ndi zazitali ndi zazikulu zokwana magalimoto awiri. Msuweni wanga atanditchulira zomwe analipira, ndinatsala pang'ono kugweranso m'mbuna yomwe ija. Nambala inali yaing'ono zedi. Koma iwo amawerengera pa sikweya futi, ndipo sikweya mita imodzi muli masikweya futi 10.76. Uyenera kuchulukitsa pafupifupi ka 11 usanayambe n'komwe kusintha madola. Konkireti yawo nthawi zambiri imakhala yochindikala mainchi 4, kapena kuti masentimita 10, imabwera pa lole yosakaniza kale, anthu ochepa amaithira n'kuisalaza tsiku limodzi, n'kudula mizere kuti ikamang'ambika izing'ambikira mmenemo. Ntchito ya manja imachepa poyerekeza ndi kuyala mabuloko limodzilimodzi. Koma anandionetsa pafupi ndi msewu pomwe pamwamba panayamba kusupuka chifukwa cha mchere wosungunulira chipale chofewa, ndipo anati ikadzasweka kwambiri palibe kuzula n'kubwezera, n'kuphwanya basi. Othira phula nawo amapaka mankhwala akuda pakapita zaka zingapo zilizonse. Izi sizioneka pa nambala ya tsiku loyamba.

Koma kusiyana kwakukulu pakati pa nambala ya alamu ndi yanga sikunali chisanu kapena miyala. Kunali anthu. Mu 2025 malipiro otsikitsitsa ololedwa ku South Africa anali R28.79 pa ola, kuyambira mu March. Ku UK, kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo, anali £12.21 pa ola kuyambira mu April. Ku Germany anali €12.82. Mukasintha marandiwo mupeza paundi imodzi ndi timakobili pang'ono, kutanthauza kuti ola la munthu kuno limadula pafupifupi kakhumi. Mmisiri waluso amalandira zoposa pamenepa konsekonse, koma mpata wake ndi womwewo. N'chifukwa chake ku Johannesburg ndinaona anthu asanu ndi mapiki, pamene kuno amabwera awiri kapena atatu ndi kamakina kokumbira. Ndikakumbukira anyamata awiri aja omwe ndinkacheza nawo pamthunzi, manja atachita zikanga, akuwerengera zoti atumize kwa ana, sindithanso kunena kuti ntchito ija inali yotchipa. Inatchipa kwa ine wobwera ndi mapaundi. Nditawafunsanso alamu bwinobwino, anandiuza kuti ndalama ya bwalo lija anaisunga pafupifupi chaka chathunthu. Ifenso kuno tinasunga nthawi yofanana ndi imeneyo. Ndikanawafunsa poyamba pomwe kuti, "Alamu, zinakutengerani malipiro a miyezi ingati?" bwenzi nditapeza yankho lothandiza kuposa la pa foni lija.

Palinso msonkho. VAT ku South Africa ndi 15 pa 100 kuyambira mu 2018, ku Germany ndi 19, ku UK ndi 20, ku Netherlands ndi 21, pamene ku America kulibe VAT, kuli msonkho wa malonda wosiyana boma ndi boma. Kuno wamalonda wamng'ono yemwe sanafike pa £90,000 pachaka sakakamizidwa kulembetsa VAT, ndiye makotesheni awiri akhoza kusiyana ndi gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa cha chimenechi chokha. Funsani ngati nambala yomwe mwapatsidwa msonkho uli kale momwemo.

Chinthu chomwe sindinkachiganizira n'komwe ndi dothi lokumbidwa. Werengani nane. Masikweya mita 40, kukumba masentimita 25, ndi makiyubiki mita 10, ndipo dothi likakumbidwa limafufuma kuposa pamenepo. Kulemera kwake ndi matani oposa 15. Kuno sungalitaye paliponse. Umabwereka chigoba chachitsulo chija amati skip, ndipo chikaima mumsewu chimafuna chilolezo cha khonsolo, apo ayi umaitana lole yokhala ndi dzanja lonyamulira. Kotayira kuli msonkho wake kuyambira 1996. Wonyamula zinyalala ayenera kukhala wolembetsedwa ku Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo zinyalala zako zikapezeka zitatayidwa kutchire, mwini nyumba ukhoza kulipitsidwa chindapusa ngati sunafufuze yemwe unamupatsa. Kenako matani ena ambiri a miyala ayenera kubwera kudzalowa m'malo mwa dothi lija. Bambo wa galimoto yoyera uja sanachite matsenga kuti atsitse mtengo ndi theka. Anangosiya kukumba, kutaya ndi kugula miyala, ndiyo theka la ntchito lomwe mwini nyumba saliona akabwera madzulo.

Pa ntchito yachiwiri ndinayamba ndi khonsolo. Ndinapempha dropped kerb, anabwera kudzayeza, anavomera, ndipo ndinadikira mpaka atamaliza ndisanakhudze bwalo. Kenako ndinabwerera kwa mmodzi wa atatu oyamba aja, yemwe anakumba ndi fosholo kuona dothi. Ndinamuuza zonse mosabisa. Sanandiseke, anangoti ntchito zokonza zoterezi amazipeza chaka chilichonse. Ndinamupempha kuti andionetse bwalo lomwe anayala zaka zosachepera zitatu zapitazo, chifukwa latsopano lililonse limakongola, langa lomwe linkakongola. Anandipatsa misewu iwiri, ndinapita tsiku la mvula dala, n'kukaima kuona komwe madzi akupita.

Pa kotesheni yatsopano ndinafuna kuti chilichonse chilembedwe ndi manambala: akumba mamilimita angati, miyala yake ndi yanji ndipo ichindikala bwanji, aitsendera kangati, madzi apita kuti, dothi atenga ndani. Analemba kuti akumba mamilimita 240. Pansi ayala chinsalu cholimba chomwe chimalola madzi kudutsa koma chimaletsa miyala kumira, chifukwa dothi lathu ndi lamakande, lomwe limatupa kukanyowa n'kuchita ming'alu kukauma. Pamwamba pake mamilimita 150 a miyala yophwanya yomwe kuno amati MOT Type 1, yothiridwa kawiri n'kutsenderedwa kawiri. Kenako mchenga wokhakhala mamilimita 40, n'kubwera mabuloko a mamilimita 50. M'mphepete monse amanga ndi konkireti kuti mabuloko asathawe. Bwalo likhala mamilimita 150 pansi pa pepala lotchinga chinyontho la m'khoma, DPC, yomwe ndi mizere iwiri ya njerwa, ndipo lipendekera kutali ndi nyumba.

Kuti mtengo utsike, sitinachepetse kuya. Tinachepetsa kukula. Galimoto imodzi sifuna masikweya mita 40. Tinayala 28, ndipo mbali yotsalayo tinaisiya ya timiyala ndi zomera, yotsikirapo pang'ono, kuti madzi onse a pabwalo azitsikira mmenemo. Potero lamulo la 2008 lija linakwaniritsidwa popanda kupempha chilolezo cha mapulani. Mabuloko sitinagule ena. Ine, mayi a ana ndi mwana wathu wamkulu tinatha Loweruka awiri tikuzula akale aja, kuwapala matope ndi kuwasanja m'mbali mwa mpanda ngati momwe ndinaonera ku Utrecht. Mabuloko a mamilimita 200 kwa 100 amalowa 50 pa sikweya mita, ndiye tinkafuna 1,400, ndipo tinali ndi mpata wosankha abwino okhaokha. Mmisiriyo anatichotsera ndalama ya mabuloko ndi ya kuzula komwe. Malipiro tinagawa patatu, kudzera kubanki: pang'ono poyamba, ena miyala itatsenderedwa ine nditaona ndi maso anga, otsala pomaliza.

Ndinatenga tchuthi sabata imeneyo. Tsiku loyamba lonse linatha ndi kukumba, lole inabwera kawiri. Ndinalowa m'dzenjemo ndi tepi yanga, ndinayeza ngodya zonse zinayi ndi pakati, n'kujambula. Tsiku lachiwiri makina otsendera analira kuyambira m'mawa, makapu akugwedera m'kabati kukhitchini, mpaka miyala inalimba moti ukayendapo susiya phazi. Mabuloko anawayala mokolana ngati minga ya nsomba, mayalidwe omwe amati herringbone, chifukwa ndi omwe sasuntha matayala akamakhota pamalo amodzi. Tsiku lomaliza anadikira kuti kuume, n'kuthira mchenga wosalala woumitsidwa pamoto, n'kuusesa mpaka unalowa m'mipata yonse, n'kuyendetsaponso makina. Anandiuza kuti mchenga umenewo ndi womwe umamanga mabuloko kukhala chinthu chimodzi, ndisamauchotse ndi paipi ya madzi amphamvu, ndipo ukachepa ndiziwonjezera. Zonse zinatenga masiku asanu.

Ndikaphatikiza ndalama ya bambo wa galimoto yoyera, ya khonsolo ndi ya ntchito yachiwiriyi, ndinawononga zoposa kotesheni yodula kwambiri mwa zitatu zoyamba zija, ndipo bwalo ndi locheperapo. Chinyontho cha m'chipinda chochezera chinatenga miyezi kuti chithe.

Nyengo yozizira imodzi yadutsapo tsopano. Mizere ya matayala palibe. Pangodya imodzi, pafupi ndi manhole, panatsika pang'ono moti pankaima timadzi todzaza mbale. Ndinaimba foni, ndipo ulendo uno inayankhidwa. Anabwera Lachisanu masana, anazula mabuloko makumi awiri, anawonjezera mchenga, anatsendera, n'kubwezeretsa, osalipiritsa. Alamu anga akuti akufuna kuyala kuseri kwa nyumba yawo chaka chamawa, ndipo anandifunsa kuti kuno sikweya mita ikupanga zingati. Ndinawatumizira chithunzi cha tepi itaima m'dzenje, n'kuwafunsa kuti dothi la kuseriko ndi lofiira lomwe lija kapena ndi lamakande, nanga mvula ya mabingu ya mu December ikagwa, madzi ake amalowera kuti.